Momwe Mungasankhire Gulu la Tizidole ta Asilikali Losavuta Kupenta, n'Kulimaliza

Ambiri amene amayamba masewera a nkhondo a tizidole, kaya ndi Warhammer 40,000, Age of Sigmar kapena Bolt Action, amagwera m'dzenje limodzi. Amagula bokosi lalikulu, n'kumata asilikali onse Loweruka limodzi, n'kupenta atatu mokongola. Otsalawo amakalowa m'kabati ali mbuu, fumbi n'kumawaunjikira mpaka chaka kutha. Osewera anzawo amautcha mulu umenewu mulu wa manyazi, ndipo n'ochepa amene alibe.

Kawirikawiri vuto silikhala dzanja. Limayambira m'sitolo, pamene munthu akusankha gulu poona lomwe likupambana m'mipikisano kapena lomwe lili ndi chithunzi chooneka bwino pabokosi, osadzifunsa kuti mitu yofunika kupenta ndi ingati, nanga pathupi pa msilikali aliyense pali tinthu tingati. Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kuika patebulo gulu lopentedwa lonse, osati la m'maloto.

Zofunika kukhala nazo

- Kapulayala kodulira pulasitiki, kamene mbali imodzi ya mano ake ndi yafulati.
- Kampeni kakuthwa kokhala ndi lezala yosinthika.
- Guluu wa pulasitiki, monga Tamiya Extra Thin. Superglue ndi wa tizidole tachitsulo kapena ta resin (utomoni wolimba woumbira tizidole tina) basi.
- Primer, penti woyamba amene amathandiza kuti penti winayo agwire. Alipo wopopera, alipo wopaka ndi burashi.
- Penti wa acrylic wopangidwira tizidole: Citadel, Vallejo kapena The Army Painter. Mabotolo asanu kapena asanu ndi limodzi akwana.
- Botolo limodzi la wash, penti wamadzimadzi wakuda amene amatsikira m'ming'alu. Otchuka ndi Nuln Oil wakuda ndi Agrax Earthshade wabulauni.
- Maburashi atatu: ya saizi 2 ya nsonga yabwino, ya saizi 0, ndi ina yakale kapena yopakira zodzoladzola kunkhope.
- Makapu awiri amadzi, thishu, ndi nyale yowala moyera.
- Guluu wa matabwa woyera uja, mchenga wosefa, ndi vanishi wosanyezimira.
- Zitsekerero za mabotolo zogwirira tizidole popenta.

Mbale yosakanizirapo penti musagule. Tengani kontena yafulati yokhala ndi chivundikiro, yalani thishu wonyowa pansi, pamwamba pake muike pepala lophikira makeke. Penti woikidwa pamenepo sauma msanga, ndipo mukavundikira mumaupeza uli bwinobwino mawa lake.

Za primer wopopera pali chenjezo. Zitini zopopera sizilowa m'katundu wa pandege, choncho amene ali ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Chipata n'kumaitanitsa zinthu kunja aitanitse wa m'botolo wopaka ndi burashi. Amene ali ku Britain, kumene Games Workshop, kampani yopanga Warhammer, ili ndi masitolo m'matauni ambiri ndiponso likulu lake ku Nottingham, kapena ku Johannesburg ndi Cape Town kumene kuli masitolo a masewerawa, alibe vuto limeneli.

Gawo loyamba: kusankha

1. Yambani mwasankha kukula kwa masewera

Masewera a Warhammer 40,000 a m'mipikisano amakhala a mapointi 2,000 (mapointi ndi mtengo umene malamulo amaika pa asilikali poyeza kukula kwa gulu). Imeneyi si ntchito ya woyamba kumene. Pali njira zing'onozing'ono zimene zinapangidwira anthu ngati inu: Combat Patrol, pamene bokosi limodzi ndiye gulu lonse, Spearhead, yomwe ndi chimodzimodzi koma ya Age of Sigmar, ndi Kill Team, pamene magulu ambiri amakhala a asilikali pafupifupi khumi. Sankhani imodzi mwa zimenezi, ndipo mufufuze kaye kuti anthu amene mukufuna kusewera nawo amasewera iti.

Chenjezo: musagule mabokosi awiri tsiku limodzi, ngakhale mtengo utatsitsidwa. Lachiwirilo ndiye limayambitsa mulu uja.

2. Werengani mitu

Magulu sali ofanana. Gulu la Adeptus Custodes la mapointi 2,000 likhoza kukhala ndi tizidole tosapitirira 30, chifukwa msilikali aliyense ndi wamphamvu ndipo amadya mapointi ambiri. Gulu la Orks, la Tyranids kapena la Astra Militarum la mapointi omwewo likhoza kupitirira tizidole 100. Tengani pepala muchite samu. Ngati kachidole kamodzi kamakutengerani ola lathunthu, ndipo pamlungu mumapeza maola atatu, asilikali 100 ndi ntchito ya miyezi isanu ndi itatu osapumira. Asilikali 25 mumaliza m'miyezi iwiri. Samu imeneyi ndi yosavuta, koma anthu amaithawa chifukwa yankho lake silikoma.

3. Yang'anitsitsani thupi la msilikali wamba

Apa m'pofunika kudekha, chifukwa ndi pamene nkhani yonse yagona. Musayang'ane mtsogoleri wa gulu kapena chilombo chachikulu chili pabokosi. Yang'anani msilikali wamba, amene mudzamupenta kakhumi, kamakumi awiri. Werengani zinthu zosiyanasiyana zili pathupi pake: chitsulo, nsalu, chikopa, khungu, nkhope, malamba, timatumba, zokongoletsa za m'mphepete. Chilichonse mwa zimenezi chimafuna penti wakewake. Msilikali wa zinthu zitatu ndi bwenzi. Wa zinthu zisanu ndi ziwiri adzakutopetsani pofika pa wachinayi.

Ma Necron ndiwo osavuta kuposa onse mu Warhammer 40,000. Ndi mafupa achitsulo, opanda nkhope ya munthu, opanda nsalu. Primer wakuda, penti wachitsulo wa Leadbelcher thupi lonse, Nuln Oil pamwamba, kenako kobiriwira pang'ono m'maso ndi pamfuti, basi. Ngakhale dzanja litaterereka, cholakwacho chimangooneka ngati kutha kwa chitsulo chakale.

Ma Custodes a Warhammer 40,000 ndi ma Stormcast Eternals a Age of Sigmar ndi a golide kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Kachitini kopopera ka penti wagolide wa Retributor Armour kamagwira ntchito ya primer ndi ya mtundu waukulu nthawi imodzi, ndiye mukapaka wash wa Reikland Fleshshade pamwamba, theka la ntchito latha. Koma ma Custodes ali ndi tizokongoletsa tambiri ndi timiyala tonyezimira. Amene satha kudziletsa amafuna kupenta kalikonse, n'kutha sabata pa msilikali mmodzi.

Ma Space Marine amatchulidwa kwambiri kuti ndi a oyamba kumene, ndipo mbali ina n'zoona: zovala zawo zankhondo ndi zazikulu, zosalala, ndipo zisoti zimabisa nkhope. Koma kusalalako kumaululanso chilichonse. Penti akakhuthala, mizere ya burashi imaonekera patali. Komanso zimadalira mtundu. Buluu wa Ultramarines ndi wobiriwira wakuda wa Dark Angels amaphimba bwino. Chikasu cha Imperial Fists ndi choyera cha White Scars n'zovuta, chifukwa penti wa mitundu iwiriyi saphimba msanga ndipo dontho lililonse losochera limaonekera.

Mizukwa ya Nighthaunt imapenteka mwachangu modabwitsa: primer woyera, kenako penti wamadzimadzi ngati Hexwraith Flame thupi lonse. Vuto lake ndi lakuti tambiri timaima pa kansalu kopyapyala ndipo timathyoka msanga ponyamula.

Amene amakonda mbiri yeniyeni ayang'ane Bolt Action ya Warlord Games, masewera a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Yunifomu ya khaki ndi mtundu umodzi, ndipo wash wabulauni amaimaliza yekha. Nkhope zokha ndizo zimafuna kuleza mtima. Ena amapenta asilikali awo ngati a King's African Rifles, gulu limene munali amuna ambiri a ku Nyasaland amene anakamenya nkhondo ku Ethiopia ndi ku Burma.

Ofunika kuwasiya kaye ndi ma Chaos Space Marine ndi ma Thousand Sons, chifukwa chigawo chilichonse cha chovala chawo chili ndi mkombero wachitsulo wofuna burashi yaing'ono. Ma Harlequin, chifukwa cha timabokosi tamitundumitundu pa zovala zawo. Ndi gulu lililonse la anthu ambirimbiri a nkhope zoonekera.

Komabe musasankhe gulu limene simulikonda chifukwa chongoti n'losavuta. Ngati mafupa achitsulo sakukusangalatsani, ngakhale khumi okha adzakulemerani. Lembani magulu atatu amene mtima wanu uli pa iwo, ndiye pa atatuwo mutenge la mitu yochepa ndi zinthu zochepa.

4. Sankhani mitundu itatu, muyese pa kachidole kamodzi

Mtundu umodzi waukulu wa thupi, wachiwiri wa zida, wachitatu wowala woika pamalo ochepa monga maso kapena paphewa. Pentani kachidole kamodzi mpaka kumapeto, muone nthawi imene katenga. Kenako kaikeni patebulo, mubwerere m'mbuyo mita imodzi. Pamenepo ndi pamene anthu adzakaonere pa masewera, osati pafupi ndi mphuno. Ngati kakuoneka bwino, lembani m'kope penti aliyense ndi ndondomeko yake. Pakatha miyezi itatu simudzakumbukira kuti bulauni uja anali uti.

Gawo lachiwiri: ntchito yeniyeni

5. Dulani, palani, matani

Dulani zidutswa pachimango cha pulasitiki chimene zimabwera zitalumikizidwapo, mbali yafulati ya kapulayala ili chakuthupi la kachidole. Palani mizere yotsala kuchokera m'chikombole pogwiritsa ntchito msana wa kampeni, osati kukamwa kwake. Mizere imeneyi imaoneka yosaopsa pa pulasitiki wosapenta, koma wash akangofikapo imatulukira poyera. Guluu wa pulasitiki amasungunula pulasitikiyo, choncho kadontho kamodzi n'kokwanira, ndipo chala chisakhudzepo pasanaume.

Chenjezo: matani asanu okha amene mupente sabata ino. Enawo akhale m'bokosi momwemo, osawaona.

Mfuti ikatchinga chifuwa, ena amapenta padera n'kumata pambuyo pake. Kwa msilikali wamba sizofunika. Pamene burashi singafike, diso nalonso silifika.

6. Pakani primer

Gwedezani chitini mphindi ziwiri zathunthu. Popani muli panja, chitini chili masentimita 20 mpaka 30 kuchokera pa tizidole, mwachidulechidule, dzanja likuyenda. Nyengo imavuta apa. M'dzinja mpweya ukakhala wachinyontho, primer amauma ndi timatuza kapena kuyera mbuu. Dzuwa la mu Okutobala likaswa mtengo, penti amauma asanafike pa kachidole, n'kusiya thupi lokhakhala. Popani m'mawa, pamthunzi, tsiku louma, ndipo muyese kaye pa chidutswa cha chimango.

Primer wakuda amabisa malo amene mwaphonya. Woyera kapena wotuwa ndi wofunika ngati mugwiritse ntchito penti wa Contrast, amene wafotokozedwa pa nambala 8.

7. Pentani asanu nthawi imodzi

Ikani asanu pamzere. Pakani mtundu waukulu pa woyamba mpaka wachisanu. Pofika pa wachisanu, woyamba amakhala wauma, ndiye mubwerezenso. Mukatero pitani ku mtundu wachiwiri pa onse asanu.

Penti wotuluka m'botolo amakhala wokhuthala kwambiri. Msungunuleni ndi kadontho ka madzi mpaka aziyenda ngati mkaka. Kupaka koyamba kumaoneka kwa mawangamawanga, ndipo apa m'pamene ambiri amachita mantha n'kuunjika penti wambiri. Musatero. Dikirani aume, mupakenso kachiwiri. Kupaka kuwiri kopyapyala kumasiya tizolemba tonse ta pachovala tikuoneka, pomwe kumodzi kokhuthala kumatikwirira.

Chifukwa chiyani asanu, osati makumi awiri? Chifukwa asanu amatha m'masiku ochepa ndipo mumaona zotsatira. Kupaka malamba a anthu makumi awiri motsatizana kumapha chidwi ngakhale cha katswiri.

8. Wash ndi drybrush, kapena Contrast

Njira ziwirizi ndizo zimachititsa kuti ntchito ya woyamba kumene izioneka ngati ya munthu wozolowera.

Wash amapakidwa pamwamba pa penti wouma. Amatsetserekera m'ming'alu n'kupanga mithunzi yekha. Muziyang'anira pamene akudikha, makamaka pansi pa miyendo ndi pamalo afulati. Mukaona chithaphwi, chiyamwitseni ndi burashi youma chisanaume, apo ayi chisiya banga. Akayamba kuuma musamukhudzenso, ndipo mpatseni theka la ola kapena kupitirira.

Drybrush ndi kupaka ndi burashi imene ili pafupifupi yopanda penti. Viikani burashi yakale ija mu mtundu wowalirapo, pukutani pa thishu mpaka muganize kuti penti watheratu, ndiye mupukutenso. Kenako sesani nayo kachidole mopepuka. Penti wotsalayo amangogwira m'mphepete ndi pamalo otukuka. Pa chitsulo cha ma Necron, pa ubweya, pa mafupa ndi pa miyala, palibe njira yoposa imeneyi.

Contrast, amene Games Workshop inatulutsa mu 2019, ndi Speedpaint wa The Army Painter, ndi penti amene amagwira ntchito ya mtundu ndi ya wash nthawi imodzi. Amapakidwa kamodzi pa primer wowala. Amakoma pa matupi a makwinya ndi timizere tambiri, ngati a Tyranids, nsalu ndi khungu la ma Ork. Pa malo aakulu osalala, monga mbali ya thanki kapena phewa la Space Marine, amauma ndi mabanga. Palinso njira imene osewera amaitcha slapchop: primer wakuda, drybrush yotuwa, drybrush yoyera pamwamba, kenako Contrast. Mithunzi imakhala itapangika kale pansi, ndipo ndi njira yachangu kwambiri kwa amene wasankhabe gulu la mitu yambiri.

9. Malizani poimira, pakani vanishi

Kambale kamene kachidole kamaimapo kamasintha zonse. Pakani guluu wa matabwa, viikani mumchenga, dikirani usiku umodzi, pentani bulauni, drybrush pang'ono, ndipo mkombero wake ukhale wa mtundu umodzi pa gulu lonse. Vanishi wosanyezimira amateteza penti ku zala. Nayenso amadana ndi chinyontho, choncho yesani pa kachidole kamodzi.

Gawo lachitatu: kuti moto usazime

10. Dziikireni malire a mawu akuti "ndamaliza"

Games Workshop ili ndi muyezo umene imautcha Battle Ready: mitundu yaikulu yapakidwa, mithunzi ilipo, poimira pamalizidwa. M'malamulo a mipikisano a kope la 10 la Warhammer 40,000, lomwe linatuluka mu 2023, gulu lofika pa muyezo umenewu linkapatsidwa mapointi 10 a ulere powerengera wopambana. Umenewo ndiwo muyezo wanu wa asilikali wamba. Maso, timizere towala ta m'mphepete ndi zolembalemba zisungireni atsogoleri.

11. Ntchito izikhala pafupi

Chimene chimalepheretsa anthu ambiri si kupenta, koma kutulutsa zinthu ndi kuzibwezera. Ikani zonse pa thireyi imodzi imene mungainyamule ndi kuibweza pashelefu m'kamphindi, kutali ndi ana aang'ono chifukwa cha lezala ndi guluu. Mphindi 20 madzulo alionse zimaposa kudikira Loweruka la maola asanu limene silifika. Ndipo musasiye ntchito pamalo ovuta. Siyani pamene chotsatira ndi chosavuta, monga kupaka wash, kuti mawa mudzakhale pansi mosanyinyirika. Kumene magetsi amathimathima, nyale yotchaja ya kuwala koyera imathandiza, koma kusankha ndi kusakaniza mitundu kuchitike masana.

12. Sinthanitsani zotopetsa ndi zokoma

Mukamaliza asanu kawiri, dzipatseni mtsogoleri, galimoto yankhondo kapena chilombo. Pamenepo tayani nthawi mmene mungafunire. Mukatha bwererani kwa asilikali wamba. Amene amayamba ndi zokoma zonse amatsala ndi phiri la ofananafanana, popanda chowakoka.

Gwirizanani ndi mnzanu tsiku la masewera, mwezi umodzi kutsogolo, kuti aliyense adzabwere ndi zopentedwa zokhazokha. Palibe chimene chimayendetsa burashi ngati tsiku loikika. Omalizidwa aikeni poonekera, ndipo muziwajambula. Pa intaneti pali zithunzi za akatswiri a mpikisano wa Golden Demon, amene amatha miyezi pa kachidole kamodzi. Kuziona n'kwabwino, koma iwo akuchita ntchito ina, si imene mukuchita inuyi.

Lamulo la kugula likhale limodzi: bokosi latsopano limalowa m'nyumba lakale likatha.

Zolakwa zimene zimachitika kawirikawiri

Kusintha mitundu pakati pa ntchito. Msilikali wa nambala 15 adzaoneka bwino kuposa woyamba chifukwa dzanja lazolowera, ndipo mudzafuna kuchotsa penti pa oyambawo kuti muyambirenso. Asiyeni. Akaima pamodzi palibe adzasiyanitse.

Kusankha gulu chifukwa cha malamulo a lero. Games Workshop imasintha mapointi ndi malamulo kangapo pachaka, ndipo gulu loopsa mu Januwale likhoza kukhala wamba pofika Juni, inu musanamalize n'komwe kulipenta.

Kusiya burashi itaima m'kapu ya madzi, kapena kuviika mpaka penti alowe m'kachitsulo kogwira ubweya. Nsonga imapindika kapena kugawanika, ndipo siibwereranso. Viikani theka la ubweya lokha, muzitsuka pafupipafupi.

Kutsukira penti wachitsulo ndi wamba m'kapu imodzi. Tinyenyeswa tonyezimira timatsala m'madzi, ndiye mumadabwa nsalu yofiira ikung'anima. N'chifukwa chake makapu ndi awiri.

Kupenta resin osatsuka. Tizidole ta resin timabwera ndi mafuta a m'chikombole amene amakana penti. Titsukeni ndi sopo wotsukira mbale, madzi ofunda ndi mswachi wakale, tiume kaye.

Kuponya zomalizidwa m'katoni momwe zingagundane. Mikondo imathyoka, penti amakalika m'mphepete. Matani kamaginito pansi pa kambale kalikonse, muziimike m'chitini cha mabisiketi kapena pa thireyi yachitsulo, ndipo musazisiye m'galimoto yotsekedwa padzuwa, chifukwa malupanga opyapyala ndi zidutswa za resin zimapindika ndi kutentha.